Musanalipire marimu aakulu, yezani kaye galimoto yanu

Munthu akafuna kusintha marimu pa galimoto yaliwiro, chimene amatchula koyamba ndi mainchesi: ndikufuna a 18, mwinanso a 19. Pa ntchito imeneyi ndaona kuti nambala imeneyo si imene imabweretsa mavuto ambiri. Tayala likamakhula madigadi, chiwongolero chikamanjenjemera pa liwiro, rimu ikakana kuzungulira chifukwa yagwira buleki, gwero lake limakhala timanambala tolembedwa kuseri kwa rimu, timene wogula sanatiwerenge n'komwe. Galimoto ya mtundu uwu ndi yotsika, mabuleki ake ndi aakulu, ndipo amene anaipanga anawerengera kale mpata wonse wa m'kati mwa madigadi. Kuphonya ndi mamilimita 10 pa galimoto yonyamula katundu mwina simungazindikire, koma pa iyi mudzamva pa bampu loyamba.

Choncho yambani ndi rimu imene ili pa galimotoyo panopa. Ichotseni, muitembenuze, mupukute fumbi la buleki kuseri kwa masipoko. Mudzapeza zolemba zonga izi: 17x7J ET48. Nambala 17 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi, 7 ndi kutambalala kwake, J ndi kaumbidwe ka mlomo wogwira tayala, ndipo ET48 ndi offset ya mamilimita 48, muyezo wa mmene rimu yalowera m'kati kapena kutulukira kunja. Manambala amenewa ndi a Toyota 86 ndi Subaru BRZ zimene zinatuluka mu 2012, zokhala ndi matayala a 215/45R17. Ndigwiritsa ntchito galimoto imeneyi powerengera chifukwa anthu ambiri amaisintha marimu, koma kawerengedwe kake n'chimodzimodzi pa galimoto ina iliyonse. Lembani manambala anu papepala. Onaninso rimu yakumbuyo, chifukwa pa magalimoto ena imasiyana ndi yakutsogolo.

Za mabowo a manati ndidutsa mofulumira chifukwa palibe zokambirana, akugwirizana kapena sakugwirizana. Muyezo wake umatchedwa PCD. Ikalembedwa 5x100 ndiye kuti mabowo ndi 5, atakhala pa mzere wozungulira wotambalala mamilimita 100 mukayeza modutsa pakati pake. Toyota 86 ndi BRZ ndi 5x100. Nissan 350Z, 370Z, Honda S2000 ndi Mazda RX-8 ndi 5x114.3. Mazda MX-5 imasokoneza anthu: yoyamba, yachiwiri ndi yachinayi ndi 4x100, koma yachitatu ndi 5x114.3. Porsche 911, Boxster ndi Cayman ndi 5x130. BMW zakale zambiri ndi 5x120, pamene zatsopano zinasamukira ku 5x112, monga Audi ndi Mercedes. Ngozi ili pa miyezo yoyandikana. Rimu ya 5x112 imatha kulowa pa habu (chitsulo chomangapo wilo) ya 5x114.3 mukaikakamiza, koma bawuti iliyonse imakhala itapindidwa ndi milimita imodzi ndi pang'ono. Nati imakhala mopendekeka, imamasuka yokha, ndipo bawuti yopindidwa tsiku lina imathyoka. Ngati rimu ilibe zolemba, yezani kuchokera pakati pa bowo limodzi kufika pakati pa loyandikana nalo. Pa rimu ya mabowo 5, mukapeza 58.8 ndi 5x100, 65.8 ndi 5x112, 67.2 ndi 5x114.3, 70.5 ndi 5x120. Tepi wamba sangasiyanitse 65.8 ndi 67.2 modalirika, pamafunika vernier, chida choyezera timiyezo tating'ono molondola.

Pamene pamafunika kudekha ndi pa offset. Tangoganizani mzere wodula rimu pakati penipeni pa kutambalala kwake. Offset ndi mtunda wochokera pa mzere umenewo kufika pa nkhope imene imagunda habu. Nambala ikakhala yaikulu, rimu imalowa m'kati, kuyandikira shoko. Ikakhala yaing'ono, rimu imatuluka kunja, kuyandikira mlomo wa madigadi. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'choti munthu amayerekeza ET yakale ndi yatsopano basi, n'kunena kuti 48 ndi 45 n'zofanana, kuiwala kuti rimu yatsopanoyo ndi yotambalala. Offset payokha siikuuzani kanthu, iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi kutambalala.

Kawerengedwe kake ndi aka. Sandutsani kutambalala kukhala mamilimita pochulukitsa ndi 25.4, kenako gawani pawiri. Pa theka limenelo mukaphatikiza offset mwapeza pamene mlomo wam'kati ukufika, mukachotsera offset mwapeza pamene mlomo wakunja ukufika. Rimu ya mainchesi 7 ndi mamilimita 177.8, theka lake 88.9. Ndi ET48, m'kati ikufika 136.9, kunja 40.9. Tsopano tengani 18x8.5 ET45. Theka lake ndi 108, ndiye m'kati 153, kunja 63. Rimu yatsopanoyi yalowa m'kati ndi mamilimita 16 ndipo yatuluka kunja ndi 22, ngakhale ET yasintha ndi 3 yokha. Mukatenga 18x9.5 ET38, imene imaoneka bwino kwambiri pa zithunzi, yalowa m'kati ndi 22 ndipo yatuluka ndi 42. Mamilimita 42 ndi ambiri zedi. Galimoto zimene mumaziona zitavala muyezo umenewo nthawi zambiri zinapendeketsedwa mawilo, ndipo zina zinapindidwa milomo ya madigadi, zinthu zimene chithunzi sichinena.

Tayala nalo liwerengereni palokha, pakuti ndi limene limayamba kukhula, osati chitsulo. Kuchoka pa 215 kupita pa 245 n'kuwonjezera mamilimita 15 mbali iliyonse. Pa rimu ya ET45 ija, pakati pa wilo pasuntha kunja ndi 3, ndiye tayala lalowa m'kati ndi 12, latuluka ndi 18. Komabe nambala yolembedwa pa tayala si muyezo weniweni. Matayala awiri olembedwa 245 ochokera ku makampani osiyana amatha kusiyana ndi mamilimita angapo, ndipo a mpikisano ambiri amakhala ndi mapewa otukumuka. Tayala lomwelo limatambalalanso ndi mamilimita pafupifupi 5 pa theka la inchi lililonse limene mwawonjezera pa rimu. Opanga matayala amalemba muyezo weniweni wa tayala lililonse, ufufuzeni musanagule.

Manambalawa alibe phindu mpaka mutawayerekeza ndi mpata umene ulipo pa galimoto yanu. Iimikeni pamalo osalala, mawilo atawongoka, ili pansi osati pa jeke. Mangani kanthu kolemera ku chingwe, mugwirizize chingwecho m'kati mwa mlomo wa madigadi pamwamba penipeni pa wilo, chilendewere. Yezani kuchokera pa chingwe kufika pa tayala. Umenewo ndi mpata wakunja. M'kati, pisani mkono kuseri kwa tayala ndi rula yaifupi, muyeze mpata wa pakati pa tayala ndi shoko, komanso pakati pa mlomo wa rimu ndi shoko. Onani pamene payipi ya buleki ndi waya wa ABS (makina oletsa mawilo kumangika poponda buleki) zikudutsa. Kumbuyo yang'anani mikono ya sasipenshoni ndi chitsulo cha m'kati mwa madigadi. Yezani mbali zonse ziwiri, chifukwa galimoto imene inagundapo kapena imene sasipenshoni yake inamasulidwapo siikhala yofanana kumanja ndi kumanzere. Ine sindilola mpata wa tayala ndi shoko kuchepera mamilimita 5, ndipo ndimakonda utafika 8 kapena 10, chifukwa tayala limapindika pa kona, beringi nayo imasewera pang'ono. Ngati munaika ma coilover, mashoko otha kukweza ndi kutsitsa galimoto, kumbukirani kuti mphete zake zokwezera ndi kutsitsira zimadya mpata umene shoko yafakitale inkasiya.

Mukapeza rimu yopanda ET yolembedwa, igonekeni chafufumimba pa katoni, ikani thabwa lowongoka pamwamba pa mlomo wakumbuyo, yezani kutsika mpaka pa nkhope yogunda habu. Kenako yezani kutambalala konse kwa rimu, mlomo mpaka mlomo, mugawe pawiri, muchotsere pa muyezo woyamba uja. Chotsala ndi offset.

Pali chifukwa china chosathamangira offset yaing'ono, chimene sichioneka ndi maso. Wilo lakutsogolo likamakhota limazungulira pa mzere umene opanga anaukonza kuti ugwere pamalo ena ake pansi pa tayala. Mukatulutsa wilo kunja ndi mamilimita 15 kapena 20, mwasuntha tayala pa mzere umenewo. Chiwongolero chimalemera, chimakukankhani m'manja mukaponda dzenje, ndipo galimoto imayamba kutsatira ming'alu ya mu msewu ngati ikudziwongolera yokha, makamaka mukaponda buleki. Beringi ya habu imanyamulanso katundu mopendekeka ndipo imatha msanga. Ndikamathandiza munthu amene galimoto yake ndi yoyendera tsiku ndi tsiku, ndimayesetsa kuti offset isachoke pa yafakitale ndi mamilimita oposa 10. Malo ambiri owonjezera azichokera pa kutambalala, osati pa kukankhira wilo kunja.

Tibwere pa mainchesi aja. Lamulo lake n'loti rimu ikakula, khoma la tayala lichepe, kuti msinkhu wa wilo lonse usasinthe. Pa 215/45R17, khoma ndi 45 peresenti ya 215, ndiye mamilimita 96.75. Makoma ndi awiri, pamwamba ndi pansi, 193.5. Rimu ya mainchesi 17 ndi 431.8. Zonse pamodzi ndi 625.3. Pa rimu ya 18, tayala la 215/40R18 limapereka 629.2 ndipo 245/35R18 limapereka 628.7, onse awiri osafika 1 peresenti kusiyana kwake. Toyota ndi Subaru eni ake anaika 215/40R18 pa GR86 ndi BRZ zatsopano za marimu a 18. Tayala la 225/40R18 limapereka 637.2, kusiyana kwa 1.9 peresenti, ndipo ambiri amaligwiritsa ntchito bwinobwino. Koma 235/40R18 limafika 645.2, kupyola 3 peresenti, ndipo pamenepo mwatuluka m'malire amene a ntchito imeneyi timatsatira. Wilo likatalika, mita ya liwiro imaonetsa nambala yochepera: ndi 1.9 peresenti ija, pamene kale munkayenda 100 tsopano mukuyenda pafupifupi 102 mita ili pomwepo. Galimoto imadzuka mwaulesi pang'ono m'giya iliyonse, ndipo tayala limayandikira pulasitiki ya m'kati mwa madigadi mukakhotetsa.

Maganizo anga pa nkhani ya mainchesi ndi akuti kukwera ndi inchi imodzi n'kwabwino, ziwiri ndi mapeto, ndipo pa galimoto yopepuka ngakhale imodziyo muiganizire kawiri. Khoma la tayala ndi gawo la sasipenshoni. Pa 17 muli ndi mamilimita 97 a mphira ndi mpweya pakati pa rimu ndi msewu, pa 18 atsala 86, pa 225/35R19 atsala 79. Chimene mumapindula n'choti chiwongolero chimamvera msanga chifukwa tayala silipindika kwambiri. Chimene mumataya n'chitetezo cha rimu. Dzenje limene kale tayala linkalimeza tsopano limapanikiza khoma pakati pa mlomo wa rimu ndi m'mphepete mwa dzenjelo, ulusi wa m'kati umaduka, tayala limatuluka chotupa, ndipo mlomo wam'kati wa rimu, umene ulibe masipoko ouchirikiza, umapindika. Kugwira msewu kwenikweni kumachokera pa mtundu wa tayala ndi kutambalala kwake. Ndicho chifukwa ambiri othamangitsa magalimoto pa bwalo amasankha rimu yaing'ono kwambiri imene ingalowe pa mabuleki awo, koma yotambalala.

Tayala ligwirizanenso ndi kutambalala kwa rimu. La 225/40R18 limaloledwa pa rimu ya mainchesi 7.5 mpaka 9, la 245/35R18 pa 8 mpaka 9.5, la 255/35R18 pa 8.5 mpaka 10. Tayala lopapatiza lokokedwa pa rimu yotambalala kupyola malire limasiya mlomo wa rimu pamtunda, ndipo mpweya ukachepa likhoza kuvuka pa kona. Lotambalala lofinyidwa pa rimu yopapatiza limatukumuka pakati, galimoto imayankha mochedwa ngati ikuyandama. Musaiwale manambala omaliza pa tayala, monga 87W. Nambala 87 ikutanthauza kuti tayala limanyamula makilogalamu 545, 91 ndi 615. W ndi liwiro la makilomita 270 pa ola, V ndi 240, Y ndi 300. Tayala la khoma lalifupi limasunga mpweya wochepa, ndiye nthawi zina mphamvu yake yonyamula imatsika kuposa yafakitale. Zikatero funani lolembedwa XL, ndipo dziwani kuti limafuna mpweya wochulukirapo kuti lifike pa mphamvu yakeyo.

Mabuleki ndi amene amakhumudwitsa anthu amene anawerengera zina zonse molondola. Munthu amaganiza kuti poti rimu yakula, buleki ilowa. M'mimba mwa rimu mwina mulowadi, koma caliper, chitsulo chofinya disiki ya buleki, imagunda kuseri kwa masipoko. Ma caliper a mapisitoni anayi kapena asanu ndi limodzi, monga a Brembo amene amabwera pa magalimoto ena aliwiro, amatuluka kunja kupitirira nkhope ya habu. Rimu ya mlomo wakuya imakhala ndi masipoko olowa m'kati, ndipo marimu awiri a 18x8.5 ET45 akhoza kusiyana: ina kulowa, ina kukana, chifukwa cha kapindidwe ka masipoko basi. Palibe nambala ya pa rimu imene imanena zimenezi. Opanga mabuleki ambiri amapereka chojambula cha caliper choti musindikize pa pepala, mumate pa katoni, mudule, muyese m'kati mwa rimu. Posindikiza onetsetsani kuti makina sanachepetse chithunzicho, yezani ndi rula mzere umene amaikapo. Mpata usachepere mamilimita 3 paliponse. Ndipo uzani wochita balansi kuti timiyala tomata tija asatiike pamene caliper ikudutsa, chifukwa tokha timakwana kudya mpata wonsewo, n'kumatuka pa ulendo woyamba.

Bowo lapakati liyenera kufanana ndi mlomo wa habu kapena kukula kuposa. Pa 86 ndi BRZ ndi mamilimita 56.1, pa Nissan Z ndi 66.1, pa BMW za 5x120 zambiri ndi 72.6, pa Porsche ndi 71.6. Marimu ambiri ogula padera amabwera ndi bowo lalikulu, kawirikawiri 73.1, kuti alowe pa magalimoto osiyanasiyana. Mpata wotsalawo umatsekedwa ndi mphete, mwachitsanzo ya 73.1 kunja ndi 56.1 m'kati. Ntchito ya mphete ndi kukhazika rimu pakati penipeni pamene mukumanga manati. Ikasowa, wilo limatha kukhala chambali pang'ono, ndiye mumamva kunjenjemera pakati pa 90 ndi 120 pa ola, mumabwerera ku balansi kangapo osasintha kanthu, pamene vuto si balansi. Mphete zapulasitiki zimakwanira pa msewu wamba, koma pa bwalo la mpikisano kutentha kwa mabuleki kumazisungunula. Za aluminiyamu zimapirira kutentha koma zimamatirira pa habu ndi dzimbiri, choncho pakani mafuta oletsa kumatirira pang'ono chabe pa mlomo wa habu. Mukadzabwezeretsa rimu yafakitale kapena ya sipeya, chotsani mphete ija kaye. Ikatsalira pa habu, rimu siikhala pansi bwino ngakhale manati aoneke omangika.

Manati ndi chinthu chotchipa pa zonsezi, koma ndi amene agwira wilo. Zoyang'ana ndi zitatu. Choyamba ndi mazinga. Toyota, Mazda ndi Honda zambiri ndi M12x1.5, pamene Nissan ndi Subaru ndi M12x1.25. Toyota 86 inkapangidwa mu fakitale ya Subaru ku Gunma ku Japan, ndiye mazinga ake ndi a Subaru. Mukagula manati pongonena kuti ndi a Toyota, adzalowa kawiri kapena katatu n'kulimba, ndipo amene ali ndi mfuti ya mpweya akawakakamiza, mabawuti onse aphwanyika mazinga. Nati iliyonse iyambe ndi zala, ikakana imani. Chachiwiri ndi pokhalira nati. Marimu ambiri ogula padera ali ndi pokhalira posongoka pa madigiri 60. Marimu afakitale a Volkswagen, Audi, Mercedes, Porsche ndi Honda ali ndi pobulungira, ndipo a Toyota ambiri ali ndi pafulati pokhala ndi washa. Nati yobulungira pa bowo losongoka imagunda pa kamzere kakang'ono chabe, imadya aluminiyamu, kenako imamasuka. Chachitatu ndi kuchuluka kwa mazinga amene agwira. Nati ilowe mtunda wosachepera kunenepa kwa bawuti: pa M12x1.5 izungulire kasanu ndi katatu kathunthu, pa M12x1.25 kakhumi. Werengani pomanga. Pa magalimoto a ku Germany amene amagwiritsa ntchito mabawuti m'malo mwa manati, rimu ya nkhope yochindikala imafuna mabawuti otalikirapo, koma akatalikitsa amakagunda zida za handibuleki m'kati mwa disiki yakumbuyo. Zungulitsani wilo ndi manja lisanatsike pa jeke, mumvetsere. Manati afakitale asungeni m'galimoto chifukwa cha sipeya, pamodzi ndi kiyi wa manati atsopano ngati ndi aja opyapyala ofuna kiyi wawowawo.

Ma spacer, zitsulo zoika pakati pa habu ndi rimu kuti wilo lituluke kunja, ndimawaona ngati chokonzera cholakwika, osati chinthu choyambira nacho. Ngati rimu yolondola ilipo, gulani imeneyo. Ngati mukufunikadi spacer, yopyapyala ya mamilimita 3 kapena 5 imadya mazinga a bawuti ndi mlomo wa habu, ndiye werenganinso kuzungulira kwa nati, ndipo mukapereweza ikani mabawuti aatali. Yochindikala, yomangidwa payokha pa habu, ikhale ndi mlomo wake wokhazikira rimu, ndipo onetsetsani kuti mabawuti akale otulukira pamwamba pake ali ndi polowa kuseri kwa rimu. Spacer ya mamilimita 10 pa ET45 yasandutsa offset kukhala 35, ndiye mawerengero onse aja abwerezedwe.

Kulemera n'kumene kumasiyanitsa rimu yabwino ndi yongokongola. Wilo lili pansi pa sipuling'i, ndipo shoko imalimbana nalo pa bampu lililonse kuti libwerere pa msewu. Likalemera, tayala limadumpha pa msewu wa mabampu, buleki imagwira ntchito yambiri, galimoto imataya kuchangamuka kumene munaigulira. Rimu yaikulu imaikanso kulemera kwake kutali ndi habu, kumene kumavuta kwambiri kuzungulitsa ndi kuimitsa. Ikani wilo lafakitale pa sikelo ndi tayala lake lomwe, mulembe, ndipo latsopano lisapyole pamenepo ngati n'kotheka. Marimu othira m'chikombole ndi otchipa koma olemera. A flow formed amathiridwa kaye kenako m'mimba mwake mumatambasulidwa ndi makina, ndiye amapepuka n'kulimba, ndipo kwa anthu ambiri amenewa ndi okwanira. A forged amasulidwa kuchokera ku chibumu cha aluminiyamu pa mphamvu yaikulu, ndi opepuka ndi olimba koposa, mtengo wake ndi wokwera. Yang'anani mphamvu yonyamula yolembedwa pa rimu, ndi zizindikiro za mayeso. JWL ndi muyezo wa ku Japan umene wopanga amadziyesera yekha, VIA ndi umboni woti bungwe lapadera linatsimikiza, ndipo ku Germany kuli mapepala a bungwe loyesa lotchedwa TÜV. Marimu okopera maonekedwe a makampani otchuka nthawi zina amakopera ndi zizindikiro zomwe, choncho chizindikiro chokha chisakukhutiritseni ngati wopanga sakudziwika. Ogula kwa munthu wina, azungulitseni pa makina a balansi opanda tayala muone ngati akuvina, mufufuze ming'alu pa mlomo wam'kati ndi pamene masipoko akumana ndi nkhope, ndipo mukaona pootcherera asiyeni.

Za kuika matayala otambalala kumbuyo kuposa kutsogolo, tsatirani mmene galimoto inabwerera. Nissan 370Z ndi Porsche zinapangidwa choncho, sasipenshoni yake inakonzedwera zimenezo, ndiye sungani kusiyana kumeneko. Galimoto imene inabwera ndi matayala ofanana konse, monga 86 kapena MX-5, mukaikulitsa kumbuyo kokha imayamba kukana kukhota, mphuno imapita chowongoka pa kona, komanso simungathenso kusinthanitsa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. ABS ndi makina oletsa kuterereka amayerekeza liwiro la mawilo anayi, ndiye msinkhu wa kutsogolo ndi kumbuyo ukasiyana mosayembekezeka amayamba kulowerera pamene palibe vuto. Pa galimoto yokoka ndi mawilo onse, monga Subaru WRX STI, nkhaniyi ndi yaikulu: kusiyana kwa msinkhu kumagwiritsa ntchito mosalekeza difu yapakati, yogawa mphamvu pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo, imatentha, imawonongeka. Ngati galimoto ili ndi masensa a mpweya pa mavavu, funsani ngati akulowa pa rimu yatsopano. M'mayiko ambiri lamulo sililola tayala kutuluka kunja kwa madigadi, ndipo a inshuwalansi ena amafuna kuuzidwa za kusinthaku.

Marimu akafika, musaike matayala. Wogulitsa nthawi zambiri salandiranso rimu imene yavekedwa tayala. Tengani imodzi yopanda kanthu, palani dzimbiri pa nkhope ya habu ndi bulashi yawaya, ikani mphete, lowetsani rimu, mangani manati atatu ndi manja. Iyenera kugunda habu ponseponse popanda kugwedera. Izungulitseni, muone mpata wa caliper ndi tochi, mukhotetse chiwongolero mpaka pamapeto mbali zonse. Yesaninso kumbuyo. Zikayenda bwino, vekani tayala limodzi lokha, muyesenso. Pamenepa ikani jeke ina pansi pa mkono wa sasipenshoni mukweze wilo kuti lilowe m'madigadi monga limachitira pa bampu, galimoto itakhazikika pa masitandi. Wilo lolendewera pa jeke limaoneka ngati lili ndi malo ambiri, koma kukhula kumachitika sipuling'i ikapanikizika.

Pomanga komaliza, mazinga akhale ouma, opanda gilisi, chifukwa mafuta amachititsa kuti bawuti ikokeke kupyola muyezo pa mphamvu yomweyo. Mangani modumphitsa, nati iyi kenako ya tsidya lake, kawiri: koyamba pang'ono wilo lili m'mwamba, kachiwiri ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, tayala litagunda pansi. Pa 86 ndi BRZ muyezo ndi 120 Nm, wa galimoto yanu uli m'buku lake. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100 bwerezani, pakuti penti ya pa rimu yatsopano imaphwanyika pansi pa nati, nati n'kukhwefuka. Chitani alayimenti, chifukwa tayala lotambalala la khoma lalifupi silikhululukira mawilo opotoka, limadyeka mbali imodzi msanga. Kenako kwezani anthu m'galimoto, dutsani pa chitunda mopingasa pang'onopang'ono chiwongolero chitakhota, mawindo ali otsegula. Mukabwerako chotsani mawilo muyang'ane ndi tochi: pulasitiki yonyezimira, penti yochoka pa mlomo wa madigadi, mzere wodulidwa pa phewa la tayala, kapena pamalo poyera pa shoko. Kukhula pang'ono pa pulasitiki kumatha poitenthetsa n'kuikankhira m'kati. Kukhula pa mlomo wachitsulo kumafuna kuwonjezera pang'ono camber, kupendeka kwa wilo kolowetsa pamwamba pake m'kati, kapena kupinda mlomowo ndi makina ake, penti itatenthetsedwa kuti isang'ambike. Koma tayala likamakhudza shoko kapena payipi ya buleki, galimotoyo isayende mpaka mutasintha tayala kapena rimu.